SOPO WOPANGIRA PAKHOMO NDI KHUNGU LANTHETE

Mwa malangizo onse a ukhondo amene mphunzitsi wa ku pulaimale amapatsa ana, palibe lina lobwerezedwa kawirikawiri koposa lakuti, "Muzisamba ndi sopo." Langizo limeneli nlabwino ndithu, pakuti kusamba m'manja ndi sopo kumachepetsa matenda otsegula m'mimba ndi ena ambiri. Komatu pafupifupi m'sukulu iliyonse mumapezeka ana ena amene sopo yemweyo amawapweteka: akasamba khungu limayabwa, limatuwa mbuu, mwinanso limatuluka ziwengo. Mphunzitsi wosadziwa amayesa kuti mwana wotere ngwaulesi pa kusamba, namdzudzula pamaso pa anzake. Tsono mwanayo amapita kwawo kukadzikhula kolimba ndi sopo yemwe uja, vuto nkumakulirakulira.

M'midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe, monga ku Namitete, ku Mpingu, ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, mtanda wa sopo umalimbirana ndalama ndi mchere ndi kuchigayo, ndipo monga m'madera ena a Malawi, alipo amayi amene amayesa kupanga sopo wawo pakhomo. Mwa mafuta amene amatamandidwa m'maiko akunja kuti amapanga sopo wofatsa muli mafuta a gaga wa mpunga. Mphunzitsi, pokhala munthu wofunsidwa zambiri pamudzi, adzafunsidwa ngati mbiri imeneyi njoona. Yankho lake ndi ili: mafutawo ngabwino, koma kufatsa kwa sopo sikuchokera m'dzina la mafuta ayi, kumachokera m'muyeso wa mafuta ndi soda.

Mawu oyenera kusiyanitsa

M'Chichewa muli mawu ambiri a mavuto a pakhungu, ndipo nkofunika kuwasiyanitsa poyamba, pakuti si mavuto onse amene amayamba ndi sopo kapena kutha ndi sopo. Mphere zimabwera ndi kachilombo kakang'ono kamene kamaboola khungu ndi kuikiramo mazira. Zimayabwa koposa usiku, zimakonda pakati pa zala, ndipo zimapatsirana pogona pamodzi ndi pobwerekana zovala. Zipere zimabwera ndi kachomera ka mtundu wa chuku, ndipo zimaoneka ngati timabwalo pathupi kapena pamutu, tsitsi nkuthothoka. Nthenda ziwirizi zifuna mankhwala a kuchipatala. Palibe sopo wa pakhomo amene angazichize.

Ziwengo ndi zina. Zimatuluka pamene thupi lakana chinthu chimene lakhudza kapena chimene munthu wadya, ndipo sizipatsirana. Kutuwa ndi kuthetheka kwa khungu kumabwera pamene mafuta achibadwa a pakhungu achoka, makamaka m'chisanu cha Juni ndi Julayi. Khungu lanthete, monga mwa nkhani ino, ndilo losachedwa kutuwa, kuyabwa kapena kutuluka ziwengo. Makanda ndi okalamba ambiri ali nalo, koma limapezekanso pakati pa ana a msinkhu wa sukulu.

Sopo nchiyani?

Mayi aliyense wa kumudzi adziwa kale theka la nzeru ya sopo, chinkana sanapangepo. Pofuna kuphika therere amatentha zitsononkho, makoko a mtedza kapena a nthochi, naika phulusa lake m'chiwiya chobooka pansi, nathirapo madzi. Madzi odontha pansiwo ndiwo chidulo. Wochikhudza ndi zala amamva kuterera, chifukwa chidulo chimagwira mafuta a pachala ndi kuwasandutsa sopo pang'ono. Nchifukwa chomwechonso mbale ya mafuta imayera poitsuka ndi phulusa.

Nzeru imeneyi njakale zedi. Anthu a ku Mesopotamia, kumene lero ndi dziko la Iraq, analemba pa mapale a dothi zaka zoposa 4,000 zapitazo za kusakaniza mafuta ndi phulusa pochapira ubweya wa nkhosa. Koma amene analongosola chimene chimachitika m'kati anali Michel Eugène Chevreul wa ku France, m'chaka cha 1823. Iye anaonetsa kuti mafuta a nyama ndi a mbewu ali ndi zigawo ziwiri zogwirana, ndizo maasidi a mafuta ndi gilisalini. Mankhwala aukali a mtundu wa chidulo akalowa, amalekanitsa zigawozo, nagwirana ndi maasidi aja. Chogwiranacho ndiye sopo, ndipo gilisalini amatsala payekha. Gilisalini ameneyu ndi yemwe uja amagulitsidwa m'timabotolo kuti anthu adzole nthawi yachisanu. Mafakitale ambiri amamchotsa m'sopo kuti akamgulitse padera, koma m'sopo wa pakhomo amatsalamo yense, ndipo umenewu ndi ubwino wake woyamba.

Madzi ndi mafuta sizigwirizana, ndipo litsiro la pathupi limamatirira m'mafuta. Sopo amakhala ngati nkhoswe pakati pa ziwirizi: kachidutswa kake kalikonse kali ndi mbali ina yogwira mafuta ndi ina yogwira madzi, kotero kuti potsukuluza, madzi amatenga sopo, sopo natenga litsiro. Koma sopo sasankha. Amachotsa litsiro pamodzi ndi mafuta achibadwa amene amasunga chinyezi m'khungu. Apa ndi pamene pamayambira vuto la khungu lanthete.

Chidulo chingathe kupanga sopo. Ku Nigeria ndi ku Ghana amapanga sopo wakuda ndi phulusa la makoko a nthochi ndi a koko. Koma sopo wa chidulo amakhala wofewa, ndipo ukali wa chidulo umasiyana malinga ndi chimene chatenthedwa ndi kuchuluka kwa madzi, kotero kuti nkovuta kuuyeza. Chifukwa chake opanga sopo wouma amagwiritsa ntchito kositiki soda, amene angayezedwe pa sikelo. Ameneyu si soda wophikira therere ayi. Ndi mankhwala oopsa amene amatentha khungu ngati moto.

Mafuta a gaga wa mpunga

Njere ya mpunga ili ndi zovala ziwiri. Kunja kuli mankhusu olimba, ndipo pansi pa mankhusu pali kakhungu kofiirira kamene kamachoka popuntha mpunga kuti uyere. Kakhunguko, pamodzi ndi kamtima ka njere, ndiko gaga wa mpunga, ndipo m'menemo ndimo muli mafuta. Ku Japan, m'nthawi ya Edo, kuyambira 1603 kufikira 1868, akazi ankaika gaga ameneyu m'timatumba ta nsalu ndi kumasambira. M'chaka cha 1954 akatswiri a ku Japan komweko anapeza m'mafuta ake chinthu chimene anachitcha oryzanol, chimene chimachedwetsa kuonongeka kwa mafuta. Lero dziko la India ndilo limapanga mafuta amenewa ochuluka koposa, ndipo kwa zaka zambiri, asanadziwe kuwayeretsa bwino kuti adyedwe, ambiri a iwo ankapita ku mafakitale a sopo. Chotero nzoona kuti mafuta a gaga wa mpunga amapanga sopo wabwino, wa thovu losalala.

Koma pali zifukwa zitatu zimene mayi wa ku Nsaru sayenera kuwadalira. Choyamba, mpunga si mbewu ya chigawo chino. Umalimidwa kwambiri m'zigwa za kunyanja: ku Karonga, kwawo kwa Kilombero, ku Nkhotakota, ku Salima ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Chachiwiri, mafuta ake ngochepa. M'makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha mumatuluka gaga wa makilogalamu 8 kapena 10, ndipo m'gagamo mafuta ndi magawo 15 mpaka 20 okha pa 100 alionse. Ndiye kuti mpunga wonse uja upereka mafuta osapitirira makilogalamu 2. Pofinya ndi makina wamba ambiri amatsalira m'gaga, kotero kuti mafakitale amawatulutsa ndi mankhwala osungunulira mafuta otchedwa hexane, ntchito yosatheka pakhomo. Ndiponso zigayo zazing'ono zambiri zimasakaniza gaga ndi mankhusu.

Chachitatu, gaga wa mpunga sachedwa kuonongeka. Monga m'chimera muli mphamvu imene imasandutsa phala kukhala thobwa lotsekemera, m'gaga mulinso mphamvu ya mtundu womwewo, yotchedwa lipase, imene imayamba kuphwanya mafuta mpunga ukangopunthidwa. Pakapita masiku ochepa gaga amayamba kununkha ndi kuwawa, pokhapokha atamtenthetsa msanga ndi nthunzi.

Kunena za oryzanol, mbali yake yaikulu imachoka pamene mafuta ayeretsedwa ndi soda ku fakitale, ndipo wotsalayo akalowa m'sopo amangokhala pakhungu mphindi imodzi kapena ziwiri, madzi namtenga. Wogula botolo la mafuta amenewa pa mtengo wokwera poyembekeza kuti achiza khungu la mwana, wagula dzina.

Mbale wake ali m'nkhokwe

Chigawo cha kumadzulo kwa Lilongwe nchodziwika ndi mtedza. Ku Chitedze, pa msewu wopita ku Mchinji, kuli malo a boma ofufuzira za ulimi amene anatsegulidwa mu 1948, ndipo kumeneko kunayesedwa mtedza wofiira wa CG7 umene unaperekedwa kwa alimi mu 1990. Uli ndi mafuta ambiri kuposa Chalimbana wa makolo. M'makilogalamu 100 a mtedza woswa muli mafuta a makilogalamu 45 mpaka 50, ndipo amatuluka mosavuta pa makina ofinyira.

Poyang'ana za m'kati, mafuta a mtedza ndi a gaga wa mpunga ali pachibale. Onse awiri ali ndi maasidi atatu aakulu, otchedwa oleic, linoleic ndi palmitic. M'mafuta a gaga wa mpunga oleic ali pafupifupi magawo 40 pa 100, linoleic pafupifupi 33, palmitic pafupifupi 20; m'mafuta a mtedza oleic ali pafupifupi 45 kapena kuposapo, linoleic pafupifupi 30, palmitic pafupifupi 10. Oleic ndi linoleic amapanga sopo wofatsa koma wofewa, palmitic amalimbitsa. Tsono sopo wa mtedza ndi sopo wa gaga wa mpunga amasiyana pang'ono pokha: wa mpunga amaumirapo.

Pali chenjezo limodzi. Alipo anthu amene thupi lawo limakana mtedza, ndipo mafuta ofinyidwa pamudzi, osayeretsedwa, amakhala ndi zotsalira za mtedzawo. Mwana amene amatupa milomo kapena kutuluka ziwengo akadya mtedza asasambe sopo wa mafuta amenewa. Kwa iye akonzere wa mafuta a mpendadzuwa, umene umalimidwanso m'chigawo chino, kapena wa gaga wa mpunga ngati wapezeka. Apa mpamene mafuta a mpunga ali ndi malo ake enieni.

Mafuta onse atatuwa, akakhala okha, amapanga sopo wofewa, wosachedwa kutha m'madzi, amenenso amachita mawanga achikasu akakhalitsa. Chotero nkwabwino kuwasakaniza theka ndi theka ndi mafuta a ng'ombe, amene amapezeka kwa ogulitsa nyama pa msika. Mafuta a ng'ombewo amayamba asungunulidwa m'madzi pa moto wochepa, nasefedwa pa nsalu, ndipo akazizira amauma pamwamba pa madzi, litsiro litatsalira pansi.

Muyeso ndiwo mwini nkhani

Mtundu uliwonse wa mafuta uli ndi muyeso wake wa soda umene ungathe kumeza. Pa magalamu 1,000 a mafuta, a gaga wa mpunga amameza pafupifupi magalamu 128 a kositiki soda, a nsatsi 128, a mpendadzuwa 134, a mtedza 136, a ng'ombe 140, ndipo a kokonati amameza oposa 180. Soda akaposa muyeso umenewu, wotsalayo amakhalabe m'sopo ndi ukali wake wonse, nadikira khungu la wosamba. Mwachitsanzo, mayi amene anaphunzira kupanga sopo ndi mafuta a kokonati, akaika a gaga wa mpunga m'malo mwake osasintha soda, sopo wake adzakhala ndi magalamu oposa 50 a soda wosamezedwa. Sopo wotere adzasupula khungu, ngakhale mafuta ake ali otamandika chotani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Opanga sopo wofatsa amachita mosiyana: amachepetsa soda mwadala ndi magawo 5 pa 100, kuti soda yense amezedwe ndipo patsale mafuta pang'ono. Masamu ake ndi awa. Magalamu 500 a mafuta a ng'ombe afuna soda wa magalamu 70, ndipo magalamu 500 a mafuta a mtedza afuna 68. Pamodzi ndi 138. Pochotsapo magawo 5 pa 100 patsala magalamu 131. Ngati m'malo mwa mtedza aikamo mpendadzuwa, soda akhale magalamu 130; ngati ndi gaga wa mpunga, akhale 127. Madzi osungunulira soda akhale magalamu 330, ndipo a mvula ndiwo abwino koposa, pakuti madzi a m'mijigo ina ali ndi laimu amene amapha thovu.

Zonsezi ziyenera kuyezedwa pa sikelo, osati ndi kapu kapena botolo. Lita imodzi ya mafuta siikwana kilogalamu. Imalemera pafupifupi magalamu 920. Woyesa lita ngati kilogalamu wataya kale mafuta otsala aja, soda wake nkupitirira muyeso.

Kapangidwe kake

Ntchito imeneyi ichitike panja, ana ndi ziweto zili kutali, wopanga atavala magolovesi, magalasi ndi chovala cha mikono yaitali. Chiwiya chikhale cha pulasitiki yolimba kapena cha chitsulo chosachita dzimbiri. Sefuliya ya aluminiyamu njoletsedwa, pakuti soda amaidya ndi kutulutsa mpweya woyaka. Soda ndiye athiridwe m'madzi, pang'onopang'ono, osati madzi pa soda, kuopa kuti angaphulikire kumaso. Madziwo amatentha okha pafupifupi ngati owira, ndipo nthunzi yake siyenera kupumidwa.

Madzi a soda ndi mafuta zikazizira kufikira kungofunda, pafupifupi madigiri 40, madziwo athiridwe m'mafuta, wopanga akutakasa ndi mthiko umene sudzabwereranso kukhitchini. Kutakasa ndi manja kungatenge ola limodzi kapena kupitirira. Chizindikiro chakuti zagwirana ndi pamene zakhala ngati phala la mwana, ndipo dontho logwa pa mthiko limasiya mkwasa pamwamba lisanamire. Pamenepo zithiridwe m'chikombole cha matabwa choyalamo pepala la pulasitiki, nizifunditsidwa tsiku limodzi kapena awiri. Kenaka sopo adulidwe mitanda ndi waya. Sopo wa khungu lanthete asathiridwe zonunkhiritsa kapena utoto, pakuti zonunkhiritsa zili m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa ziwengo kawirikawiri.

Mitandayo iyanikidwe pamthunzi, pamalo popita mphepo, masabata 4 mpaka 6. M'nthawi imeneyi madzi amauma, sopo nalimba ndi kufatsa. Ambiri amalephera pomwepa, pofuna kugulitsa msanga. Koma akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Soda akagwera pakhungu kapena m'maso, pathiridwe madzi ambiri osalekeza kwa mphindi 20, ndipo wovulala m'maso apite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Kositiki soda amafanana ndi shuga kapena mchere, ndipo madzi ake amaoneka ngati akumwa. Mwana akamwa amapsa kum'mero, ndipo chilondacho chikapola m'mero mungathe kuchepa kufikira kulephera kumeza nsima. Chifukwa chake soda asasungidwe m'botolo la zakumwa kapena m'kapu, ndipo mwana amene wamwa asamsanzitse, koma athamange naye kuchipatala chapafupi, monga cha St Gabriel's ku Namitete kapena cha kwa Kabudula.

Malire a sopo wabwino

Akatswiri amayeza kuwawasa ndi ukali wa zinthu pa muyeso wotchedwa pH, wochokera pa 0 kufika pa 14. Madzi oyera ali pa 7. Khungu la munthu limapendekera ku mbali yowawasa, pafupi ndi 5, pamene sopo aliyense weniweni, ngakhale wopangidwa bwino chotani, ali pa 9 kapena 10. Ndiye kuti palibe sopo wa pakhomo amene ali wofatsa kotheratu. Wa khungu lanthete agwiritse ntchito sopo wochepa, makamaka m'manja, m'khwapa, m'mphechepeche ndi m'mapazi, asambe madzi ofunda, osati otentha, asadzikhule, atsukuluze bwino, ndipo adzole mafuta khungu lisanaumiretu. Khanda la masabata oyamba limangofuna madzi ofunda okha.

Sopo watsopano ayambe wayesedwa. Wofumbutuka ngati choko, kapena wotuluka timadzi podula, ali ndi soda wambiri ndipo sayenera kusambira. Wooneka bwino asambitsidwe pa kamalo kochepa m'kati mwa mkono, kamodzi pa tsiku, masiku atatu. Ngati sipayabwa kapena kutupa, angathe kusambira thupi lonse.

Makolo asanaone sopo wa m'sitolo ankatsuka tsitsi ndi masamba oterera a chewe, nadzola mafuta a nsatsi atatha kusamba. Anadziwa kuti khungu losambitsidwa liyenera kubwezeredwa mafuta ake, ndipo langizo limenelo silinakalambe.

Ntchito ya mphunzitsi

Ana a sukulu sayenera kukhudza kositiki soda, ndipo mphunzitsi asabwere naye m'kalasi. Koma nkhaniyi ingalowe m'maphunziro atatu popanda choopsa. Pa phunziro la Chichewa, ana akafunse agogo awo mayina a zomera zimene ankasambira ndi kuchapira, zimene amatentha pofuna chidulo, ndi mawu onse a mavuto a pakhungu, ndipo mawuwo alembedwe m'buku la sukulu pamodzi ndi mudzi umene achokera. Afananitsenso liwu lakuti sopo, lobwerekedwa ku Chingerezi, ndi lakuti sabuni, la m'Chiswahili. Pa phunziro la sayansi, athire madontho a mafuta m'mabotolo awiri a madzi, limodzi loikamo kachidutswa ka sopo, ndipo akhutchumule onse awiri kuti aone m'mene mafuta amasakanikirana ndi madzi. Pa masamu, ana a m'makalasi apamwamba awerengere soda wofunika pa mafuta a magalamu 2,000 kapena 250, ndi kuchotsapo magawo 5 pa 100.

Koposa zonse, mphunzitsi akaona mwana wotuwa kapena wodzikanda, ayambe wafunsa asanadzudzule: kuyabwako kunayamba liti, kumakula usiku kapena atangosamba, alipo ena kunyumba amene akuyabwidwa, ndipo amasamba sopo wanji. Ngati zili ngati mphere kapena zipere, alangize makolo kupita kuchipatala. Ngati vuto ndi sopo, awalangize kusiya kusambira sopo wochapira zovala ndi wonunkhira. Ndipo mayi wopanga sopo akadzamfunsa kumene angagule mafuta a gaga wa mpunga, amuuze kuti ndalamazo zikhoza bwino atagulira sikelo, pakuti mafuta oyenera ali kale m'nkhokwe mwake.